Nkhanga: Maonekedwe Ake, Maiko Ake ndi Malo Amene Ikonda

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a mishoni ku Garneton



Nkhani ya lero ndi ya mbalame imene dzina lake mwana aliyense alidziwa, koma imene ana ambiri a m'mizinda ya migodi sanaionepo ili kwawo kuthengo. Mbalameyo ndi nkhanga. Mwana wa ku Kitwe kapena ku Ndola akafunsidwa za nkhanga, kawirikawiri anena za ija ya m'khola, imene igulitsidwa pamsika pamodzi ndi nkhuku ndi abakha. Za nkhanga ya m'tchire, imene igona mumtengo niyenda m'gulu, angomva kwa agogo ake. Ichi ndi chinthu choyenera kuchilingalira bwino, pakuti chimene mwana sachidziwa sangathe kuchisamala, ndipo chikatha sangazindikire kuti chatha.

Dzina lake

Anthu a zinenero zambiri aitchula mbalameyi ndi maina ofanana. Achewa ndi Anyanja ati nkhanga, Abemba ati ikanga, Ashona ati hanga, ndipo olankhula Chiswahili ati kanga. Nsalu ija imene akazi a ku Tanzania ndi ku Kenya avala, yotchedwa kanga, inatenga dzina kwa mbalame yomweyi. Kufanana kwa mainaku kusonyeza kuti makolo a mitundu imeneyi anaidziwa nkhanga kalekale, asanabalalike kupita ku maiko kumene ana awo akhala tsopano.

M'mabuku a akatswiri dzina lake ndi Numida meleagris. Dzinali lichokera kwa Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene anailemba mbalameyi m'buku lake m'chaka cha 1758. Liwu loyambalo likumbutsa Numidia, dziko lakale la kumpoto kwa Africa, kumene lero kuli Algeria. Lachiwirilo lichokera ku nthano ya Agriki, yonena kuti mnyamata wina dzina lake Meleager atamwalira, alongo ake anamlira osaleka kufikira anasanduka mbalame, ndipo misozi yawo inasanduka mawanga oyera a pa nthenga. Nthanoyi ana aikonda, ndipo iwathandiza kukumbukira kuti nkhanga inadziwika kutsidya kwa nyanja zaka zoposa 2,000 zapitazo.

Maonekedwe ake

Nkhanga yaikulu italika masentimita 53 kufikira 58 kuchokera kumlomo kufikira kumchira, ndipo ilemera ngati kilogalamu imodzi ndi magalamu 300. Thupi lake ndi lozungulira, msana wake ndi wokhota ngati dengu lovundikira, mchira ndi waufupi woloza pansi, ndipo mutu ndi waung'ono poyerekeza ndi thupi. Nthenga zake ndi zakuda motuwira, zodzala ndi mawanga oyera aang'ono, ondandalika mwadongosolo ngati kuti munthu anachita kuwaika ndi dzanja. Munthu akaiona patali ingooneka yotuwa, ndipo ikaima chilili pamthunzi wa udzu, diso lilephera kuisiyanitsa ndi nthaka. Mawanga amene anthu awayesa chokongoletsa ndiwo chobisalira chake.

Mutu ndi khosi lakumtunda zilibe nthenga. Khungu la pamenepo ndi lobiriwira ngati thambo, ndipo pamphumi ndi pamwamba pa mutu ndi lofiira. Pamwamba penipeni pali fupa lotuluka ngati chisoti, ndipo m'mbali mwa mlomo mulendewera tinyama tiwiri tosongoka. Mlomo ndi waufupi koma wolimba. Miyendo ndi yakuda motuwira, ya zala zitatu kutsogolo ndi chimodzi chaching'ono kumbuyo, ndipo zikhadabo zake ndi zopalasira nthaka. Mapiko ndi aafupi ndi ozungulira. Mapiko otere atha kunyamula thupi lolemera mwadzidzidzi, koma sangaliulutse mtunda wautali. Chifukwa chake nkhanga ikaopsedwa iyamba yathamanga, ndipo iuluka pokhapo mdani atayandikira, nikatera pamtengo wapafupi.

Yaimuna ndi yaikazi zifanana kwambiri. Chisoti ndi tinyama ta yaimuna zikulirapo pang'ono, koma chizindikiro chodalirika ndi mawu. Zonse ziwiri zilira mokalipa, mawu othothoka motsatizana, zikaona choopsa. Koma yaikazi yokha ndiyo ili ndi kulira kwa zigawo ziwiri, kumene ikubwereza nthawi yaitali poitana mwamuna wake. Anapiye alibe mawanga ayi. Iwo abadwa ndi ubweya wofiirira wa mizere yakuda pamutu ndi pamsana, ndipo chisoti chimera pambuyo pake akamakula.

Mphunzitsi ayenera kuthandiza ana kusiyanitsa nkhanga ndi abale ake. Nkhwali imene ipezeka m'madambo ndi m'mbali mwa minda ya kuno ndi yocheperapo, ili ndi miyendo yofiira, mlomo wofiira ndi khungu lofiira pakhosi, ndipo yaimuna ili ndi minga ya fupa kumbuyo kwa mwendo, imene nkhanga ilibe. Zinziri ndi yaing'ono koposa zonsezi. Palinso mtundu wina wa nkhanga umene m'malo mwa chisoti uli ndi tsumba la nthenga zakuda zopotana. Umenewo ukhala m'nkhalango zowirira, monga zija za ku chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ndipo suonekaoneka poyera. Nkhanga ya m'khola nayo isiyana ndi ya m'tchire la kuno. Makolo ake anachokera kumadzulo kwa Africa, ndipo kawirikawiri ili ndi nkhope yoyererako, tinyama tofiira totambalala, miyendo yofiirira, ndi nthenga zina zoyera pachifuwa kapena pamapiko.

Maiko amene ipezeka

Banja lonse la nkhanga kwawo ndi ku Africa. Nkhanga ya chisoti ipezeka kumwera kwa chipululu cha Sahara, kuyambira ku Senegal kumadzulo kufikira ku Ethiopia ndi Somalia kum'mawa, ndi kutsika mpaka ku South Africa. Malo amene iwapewa ndi awiri: nkhalango yowirira ya pakati pa Congo, kumene dzuwa silifika pansi, ndi zipululu zenizeni zopanda madzi. Kale inalinso ku Morocco, kumpoto kwa Sahara, koma kumeneko yakhala isakuoneka zaka zambiri, ndipo akatswiri ayesa kuti inatha. Akatswiriwo awerenga magulu 9 a mbalameyi monga mwa zigawo za Africa, osiyana pa kukula kwa chisoti ndi maonekedwe a nkhope.

Mu Zambia nkhanga ili pafupifupi m'zigawo zonse. Amene anafika ku chigwa cha Luangwa kapena ku malo osungirako nyama a Kafue adziwa magulu aakulu amene atsikira kumadzi madzulo. Ku Malawi ionekanso chimodzimodzi ku Liwonde, ku Lengwe ndi ku Kasungu. Mphunzitsi wofuna kudziwa zambiri za kumene mbalame za dziko lino zipezeka angathandizidwe ndi buku lotchedwa The Birds of Zambia, limene C. W. Benson ndi anzake anasindikiza m'chaka cha 1971, ndi lina la dzina lomwelo la R. J. Dowsett ndi anzake la m'chaka cha 2008.

Anthu anaitenganso nkhanga kupita nayo kunja. Aroma akale anaiweta. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1400, amalinyero a ku Portugal anaitenga kugombe la Guinea napita nayo ku Ulaya, ndipo n'chifukwa chake Angerezi aitchula ndi dzina la gombe limenelo. Inafikanso ku zisumbu za West Indies ndi ku Brazil, kumene anthu aitcha nkhuku ya ku Angola. Ku Madagascar nako ikhala m'tchire. Motero mbalame imene mwana wa kuno aipeputsa ndi imodzi mwa ziweto zochepa zimene Africa inapatsa dziko lonse lapansi.

Malo amene ikonda

Kuti nkhanga ikhazikike pamalo pafunika zinthu zinayi, ndipo chimodzi chikasowa, zitatu zotsalazo sizikwanira.

Choyamba ndi madzi. M'chilimwe nkhanga imwa kawirikawiri, m'mawa kapena madzulo, kotero kuti gulu silikhala kutali ndi mtsinje, dambo kapena dziwe.

Chachiwiri ndi mitengo yaitali yogonamo. Dzuwa likamalowa gulu lonse likwera mumtengo ndi phokoso lalikulu, ndipo libwerera ku mtengo womwewo usiku ndi usiku ngati palibe cholisokoneza. Pansi usiku pali nkhandwe, njuzi ndi vumbwe.

Chachitatu ndi malo oyera opalasapo. Nkhanga idya njere za udzu, timizu ta m'dambo, ziwala, chiswe, inswa, nkhono zazing'ono ndi nkhupakupa, ndiponso chimanga ndi mapira zotayika m'munda atakolola. Pofuna chakudya gulu litha kuyenda makilomita 10 tsiku limodzi. Masana lisamba m'fumbi kuchotsa tizilombo ta m'nthenga, nilipumula pamthunzi.

Chachinayi ndi udzu wautali ndi zitsamba zobisalamo, makamaka nthawi yoikira mazira.

Chifukwa cha zosowa zinayi izi, nkhanga ikonda malo a m'malire, pamene thengo likomana ndi dambo, kapena pamene munda ukomana ndi tchire. Dziko lozungulira Garneton linalengedwa motero. Kuno ndi kumtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mvula igwa yambiri kuyambira mu November kufikira mu April. Pali thengo la miombo la mitengo ya mombo, mitondo ndi masuku. Pali madambo amene asunga chinyezi ngakhale m'chilimwe. Pali zulu zazikulu zomera zitsamba, zimene zipatsa mbalame chiswe, mthunzi ndi pothawira. Palinso mtsinje wa Mwambashi ndi wa Kafue, ndi mitengo ya m'mbali mwake. Minda yaing'ono yosiyana mbewu, yokhala ndi udzu m'malire, siipirikitsa nkhanga ayi, koma iiwonjezera chakudya.

Moyo wa nkhanga utsata nyengo. M'nyengo yozizira ndi m'chilimwe ziyenda m'magulu a mbalame 20 kapena 30, ndipo pamalo a mtendere magulu akomana pamadzi nakhala ochuluka koposa. Maso ambiri aona mdani msanga. Mdani wamkulu wa masana achokera kumwamba, ndipo makolo anamtcha dzina loyenera, chiwombankhanga. Mvula ikayamba magulu apasuka, ndipo mbalame ziyenda ziwiriziwiri. Yaikazi ipalasa kadzenje pansi pa chitsamba kapena m'udzu wowirira, niikira mazira 6 kufikira 12, a chikamba cholimba kwambiri. Ifungatira yokha masiku 26 kufikira 28, yaimuna ili chapafupi. Anapiye ayenda tsiku lomwelo aswedwa, nadya tizilombo, ndipo pakapita milungu iwiri kapena itatu ayamba kuuluka pang'ono. Masiku oyambawo ndiwo oopsa, pakuti mame ndi mvula yozizira zipha ambiri, ndipo nyenga, ng'azi ndi njoka zifunafuna mazira ndi anapiye omwe.

Zimene zasintha m'dziko la migodi

Bungwe la IUCN, limene lilemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, liika nkhanga m'gulu la mbalame zosadetsa nkhawa, pakuti mu Africa monse idakali yambiri. Koma mawu amenewo anena za Africa yense. Mbalame ingathe kuchuluka ku Luangwa nisowa pa Garneton, monga momwe chimanga chingachuluke m'dziko koma m'nkhokwe ya munthu mmodzi mulibe.

Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa m'chaka cha 1932, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa m'chaka cha 1936. Kuyambira nthawi imeneyo mitengo yambiri ya miombo yadulidwa, poyamba chifukwa cha nkhuni ndi mizati ya m'migodi, ndipo pambuyo pake chifukwa cha makala, minda ndi nyumba. Mitengo yaikulu ndiyo iyamba kugwa, ndipo yomweyo ndiyo nkhanga igonamo. Minda ya mitengo ya paini ndi bulugama imene inabzalidwa m'chigawo chino ipatsa dziko matabwa, koma pansi pake pamera udzu wochepa, ndipo mbalame yodya pansi ipezapo zochepa.

Chachiwiri ndi moto. Pa nkhani imeneyi chigawo chino chili ndi phunziro lakelake. M'chaka cha 1933 a zankhalango anapatula zigawo za thengo pafupi ndi Ndola. Zina anazitentha chaka ndi chaka udzu usanaumitse, zina anazitentha kumapeto kwa chilimwe, ndipo zina sanazitenthe konse. Colin Trapnell anafalitsa zotsatira zake m'chaka cha 1959. Pamene panatenthedwa mochedwa, mitengo ya miombo inaonongeka ndipo yaing'ono inalephera kukula. Pamene panatenthedwa msanga, thengo linakhalabe. Moto wa mu June uyenda pang'onopang'ono nusiya zigamba za udzu, koma moto wa mu October useseratu zonse. Nkhanga ya pa lupsa lotere isowa pobisala pamaso pa chiwombankhanga, ndipo mvula ikayamba isowa udzu wakale woikiramo mazira.

Chachitatu ndi dzanja la munthu. Msampha wa khwekhwe panjira ya kumadzi, agalu osamangidwa, ndi kutola mazira zichepetsa gulu msanga. Choipa koposa ndi chimanga choviikidwa m'mankhwala a m'munda, pakuti chipha gulu lonse nthawi imodzi, chipha mbalame zina zosafunidwa, ndipo chiika pangozi banja limene lidya nyamayo. Lamulo la zanyama zakuthengo la Zambia la m'chaka cha 2015 liletsa kusaka ndi poizoni, ndipo lifuna kuti wosaka akhale ndi chilolezo.

Chachinayi ndi madzi. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinaonongeka, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope kwa kanthawi. Munthu atha kuuzidwa kuti asamwe madzi a mumtsinje, koma mbalame ilibe woiuza.

Ku South Africa kuli chitsanzo chochenjeza. M'chigawo chapakati cha KwaZulu-Natal nkhanga zinali zambiri, koma m'zaka za m'ma 1980 zinachepa kwambiri. Ofufuza anapeza kuti minda inakula nikhala ya mbewu imodzi, udzu wa m'malire unalimidwa, ndipo mankhwala anachotsa udzu ndi tizilombo timene anapiye adya. Mbalame inasowa osati chifukwa cha mfuti makamaka, koma chifukwa malo ake anachotsedwa pang'onopang'ono.

Ntchito ya mphunzitsi

Phunziro la nkhanga silifuna ndalama. Nthenga imodzi ya nkhanga ya m'khola ikwanira kuyambira. Ana aiyang'ane, awerenge mawanga ake, aijambule, kenaka aiike pa nthaka ya pamthunzi naime patali, kuti aone okha m'mene ibisikira. Pambuyo pake ajambule mapu a dera la sukulu, naikepo madzi, mitengo yaitali, malo oyera ndi udzu wautali, ndipo ayankhe okha ngati nkhanga ingakhale pamenepo, ndi chimene chisowa ngati singakhale.

Kalasi likhale ndi buku lolembamo zimene ana aona: tsiku, malo, nthawi, ndi kuchuluka kwa mbalame. Mapazi a m'fumbi, maenje osambiramo, nthenga pansi pa mtengo ndi kulira kwa madzulo zilembedwenso. Ngakhale mwezi wopanda kanthu ulembedwe, pakuti kusowa nako ndi umboni. Ana afunsenso akulu a m'mudzi kumene nkhanga zinali kugona kale. Buku lotere likasungidwa zaka zingapo likhala chuma cha sukulu.

Pa masamu mphunzitsi angafunse motere: chisa chili ndi mazira 10, ndipo mwana awatola onse kuti akadye tsiku limodzi, kodi m'chilimwe gulu lidzachepa ndi mbalame zingati, anapiye theka akadapulumuka? Pa phunziro la chinenero pali miyambi. Akulu ati munthu asaone mawanga a nkhanga n'kutaya nkhwali, kuchenjeza wotaya chimene ali nacho m'manja chifukwa cha chokongola chimene chili patali. Mwana amene sanaonepo mbalame ziwirizi mwambiwo aungoloweza osaumva.

Sukulu zimene zingathe zipite ndi ana ku Chembe, malo osungirako mbalame pafupi ndi Kalulushi, ndipo zilimbikitse makalabu a Chongololo, amene anayamba m'masukulu a Zambia m'chaka cha 1972. Koma choposa ulendo ndi malangizo atatu amene mwana angapite nawo kunyumba: chisa chopezeka m'udzu chisiyidwe, tchire lisatenthedwe m'chilimwe pofuna mbewa, ndipo mtengo umene mbalame zigonamo usadulidwe. Makolo amene ali ndi minda apemphedwe kusiya mzere wa udzu m'malire ndi kulambula njira yotchinga moto nyengo yozizira isanathe.

Sukulu za mishoni ziphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda wa Mlengi kuti aulime ndi kuusunga, ndipo ntchito ziwirizi ziyendera pamodzi. Kudya nkhanga si tchimo, pakuti makolo anaidya, koma iwo anasiya mbewu. Mwambi wina uti nkhanga zinapangana kusanapse. Ana amene ali m'makalasi lero ndiwo adzakhala eni minda, ogwira ntchito m'migodi ndi oweruza za malo a m'mbali mwa Mwambashi ndi Kafue. Nthawi yopangana nawo ndi ino, thengo lotsalalo lisanapse.